Mlandu wa mwini boti wa ku Bangula ndi bungwe losapatsidwa chisamani

Lipoti ili ndalembera anzanga amene timathandiza anthu pa nkhani za malamulo m'maboma a Nsanje ndi Chikwawa, komanso aliyense amene amagwira ganyu kapena kubwereketsa katundu wake ku mabungwe nthawi ya madzi osefukira. Ine si loya, ndine paralegal, kutanthauza mthandizi wa anthu pa nkhani za malamulo, ndipo pomwe nkhani inkakula ndinkafunsa nzeru kwa loya amene amayang'anira ntchito yathu ku Blantyre. Mayina a anthu, mayina a mabungwe awiri okhudzidwa ndiponso kuchuluka kwa ndalama sinditchula, chifukwa ndi momwe mbali zonse zinamvanirana potseka nkhaniyi.

Chomwe chinachitika pa doko

Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, Makhanga ndi midzi ina ya tsidya la kum'mawa kwa Shire inasanduka zilumba. Aka sikanali koyamba. Chiyambire madzi a mu Januwale 2015, pomwe mtsinje wa Ruo unasiya njira yake yakale, dera limeneli limadulidwa mvula ikangokula. Ufa, nandolo, mafuta ophikira, malona, ndowa ndi klorini zinkaunjikana ku Bangula, ndipo kuti ziwoloke pankafunika maboti.

Wodandaula wathu ndi bambo wachikulire amene wakalambira pa ntchito yowolotsa anthu, njinga ndi mbuzi pa Mtayamoyo. Ali ndi boti la matabwa la injini ya kumbuyo. Mnyamata wina wa ku bungwe la konkuno, lomwe linapatsidwa ntchito yogawa chithandizo, anawapeza pa doko n'kumvana nawo pakamwa: ndalama zakutizakuti pa ulendo uliwonse, za mafuta kulandiriratu, zotsalazo kumapeto kwa ntchito. Pepala la mgwirizano panalibe. Anthu anali m'mitengo ndi pamadenga masiku apitawo, ndipo palibe amene ankaganiza za cholembera.

Ntchito inayenda bwino mpaka tsiku lina masana, pomwe pa doko panafika galimoto yoyera ya nambala ya CD, yomwe imapatsidwa kwa akazembe ndi mabungwe a maiko ambiri. Munatsika bwana wina wochokera ku Lilongwe, wa bungwe la maiko ambiri lomwe linali mwini katunduyo. Ataona mulu wa matumba otsala ndi mitambo ikusonkhana, analamula kuti awonjezere katundu m'botimo. Bambowo anakana. Anati madzi ayamba kutsika, m'njira mwadzaza mchenga ndi zitsa zomwe Ruo wakokolola, ndipo boti likazama kwambiri liguguda pansi. Bwanayo anayankha kuti tsidya linalo ana agona ndi njala. Sanali munthu wankhanza, ndipo zomwe ankanenazo zinali zoona. Matumba anawonjezedwa. Asanafike pakati pa ulendo boti linagunda chitsa, matabwa awiri a pansi anang'aluka, mwendo wa injini ndi pulopela zinathyoka. Palibe amene anafa. Matumba ena ananyowa.

Kuchokera pamenepo a bungwe la konkuno anaimitsa malipiro onse. Ankati akudikira kuti akuluakulu agamule za matumba onyowawo. Bambowo anayenda mpaka mapazi kutupa: bwerani mawa, akauntanti achoka, fomu yapita ku likulu. Boti linali gone pamtunda. Zitafika pa mwana wakana phala anapita ku khoti la majisitireti, koma kalaliki atangoona chizindikiro cha pamwamba pa mapepala awo anawauza kuti amenewo sapatsidwa chisamani. Ndiye anafika kwa ife, m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho.

"Mwanangu, ndamva kuti inu mumadziwa kulemba. Mundilembere chisamani, ndikasumire a bungwe."

"Bungwe lake liti, bambo?"

Anamasula jumbo ya shuga n'kuyala pa tebulo mapepala a katundu otchedwa waybill, ena atachita mawanga a madzi a mtsinje, ndi kope la sukulu lomwe mwana wawo ankalembamo tsiku, chiwerengero cha matumba ndi dzina la wolandira tsidya linalo. Analoza chizindikiro cha pa waybill. "Awa. Ndiwo alinso pa matumba, pa malona, ndi pa malaya a anyamata onse aja."

Mabungwe si amodzi

Kuno ku chigwa aliyense wobwera pa galimoto yoyera timangoti ndi wa bungwe. Pamaso pa lamulo, mabungwe amene timawaona pa msasa umodzi amabadwa mosiyana kotheratu, ndipo kubadwa kwawoko ndi komwe kumanena ngati ungawatengere ku khoti kapena ayi.

Alipo oyambitsidwa ndi anthu wamba, kaya ku Nchalo, ku London kapena ku Oslo. Ngakhale litakhala ndi maofesi m'maiko 50, bungwe lotere likafika ku Malawi limalembetsa pansi pa lamulo la ma NGO, lomwe linakonzedwanso mu 2022 n'kukhazikitsa NGORA, ofesi yoyang'anira ma NGO, ndipo limasumiridwa monga kampani ina iliyonse. Kukhala la kunja sikuliteteza. Red Cross ili ndi njira yakeyake: komiti ya ku Geneva inayamba mu 1863, koma Malawi Red Cross Society imene timaidziwa kuno inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo yathu.

Ndiye pali ena amene eni ake ndi maboma. Amabadwa kudzera m'pangano la maiko, mamembala ake ndi maiko, ndipo amaima paokha pamaso pa malamulo a pakati pa maiko. Umu ndi momwe akatswiri a malamulo a ku International Law Commission ya United Nations anawafotokozera mu 2011. United Nations ndi nthambi zake, World Bank, African Union, SADC ndi COMESA ali m'gulu limeneli, ndipo bungwe la pa waybill ya bambo aja linali la mtundu womwewu. Kalaliki uja sanalakwitse.

Mbiri ya mabungwe otere imandikhudza chifukwa inayambira pa mtsinje. Lakale kwambiri mwa omwe alipobe ndi komishoni yoona za kayendedwe ka zombo pa mtsinje wa Rhine, yomwe inachokera ku msonkhano wa ku Vienna mu 1815. Mtsinje umodzi unkadutsa m'maiko angapo, aliyense n'kumatchera msonkho ndi malamulo ake, mpaka anaona kuti pakufunika ofesi imodzi yosakhala ya dziko lililonse. Ife a ku Nsanje tikudziwa zomwe zimachitika popanda kumvana kotere. Doko lathu linatsegulidwa ndi chisangalalo mu Okutobala 2010, koma chombo chomwe chinkayembekezeka chinaimitsidwa ku Mozambique, ndipo mpaka lero pa dokopo sipakocheza zombo za katundu. Bungwe la maiko a m'chigwa cha Zambezi, ZAMCOM, lomwe pangano lake linasainidwa ku Kasane mu 2004, ntchito yake yaikulu ndi kagawidwe ndi kasamalidwe ka madzi.

Pambuyo pa Rhine kunabwera bungwe la matelegalamu mu 1865 ndi la mapositi mu 1874. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha kunabadwa bungwe la za ntchito la ILO mu 1919 ndi League of Nations mu 1920. League inalephera kuletsa nkhondo yachiwiri, ndipo pa 26 Juni 1945 ku San Francisco kunasainidwa pangano lokhazikitsa United Nations, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 24 Okutobala chaka chomwecho ndi maiko 51. Lero alipo 193. Malawi inalowa pa 1 Disembala 1964. Kuno kwathu ku Africa bungwe la umodzi wa maiko a mu Africa la OAU linayamba ku Addis Ababa pa 25 Meyi 1963 n'kusanduka African Union mu 2002, pomwe SADCC ya ku Lusaka mu 1980, yomwe Malawi inali m'gulu loiyambitsa, inasanduka SADC ku Windhoek mu 1992.

Funso loti bungwe lotere n'chiyani kwenikweni linayankhidwa chifukwa cha maliro. Pa 17 Seputembala 1948 Folke Bernadotte wa ku Sweden, mkhalapakati wotumidwa ndi United Nations, anawomberedwa ku Jerusalem. Kodi bungwelo likanatha kuitanitsa chipepeso palokha, ngati momwe dziko limachitira nzika yake ikaphedwa kwa eni? Khoti la dziko lonse ku The Hague linapereka maganizo ake pa 11 Epulo 1949: inde lingathe. Linati United Nations si dziko, ndipo si boma loposa maboma, koma ili ndi maufulu ndi maudindo akeake, ndipo ingathe kudandaula ngakhale motsutsana ndi dziko lomwe si membala. Ndimakonda kukumbutsa anzanga kuti chigamulo chimenechi chili ndi mbali ziwiri. Amene ali ndi mphamvu yoitanitsa chipepeso akalakwiridwa ayeneranso kulipira akalakwira ena.

Chitetezo chimene kalaliki ankanena

Ndime 104 ya pangano la United Nations imapatsa bungwelo mphamvu yochita zinthu mwalamulo m'dziko lililonse la membala, monga kusaina kontirakiti, kugula katundu ndi kusuma. Ndime 105 imalipatsa chitetezo chofunikira kuti likwaniritse zolinga zake. Tsatanetsatane wake ali m'pangano lina la pa 13 Febuluwale 1946, lomwe gawo 2 limanena kuti bungwelo ndi katundu wake sizingazengedwe mlandu wa mtundu uliwonse pokhapokha ilo litavula lokha chitetezocho. Mu 1947 kunabwera pangano lofanana nalo la mabungwe apadera monga a zaumoyo, zaulimi ndi zantchito. Mabungwe ena a maiko ali ndi ndime zotere m'mapangano awo, kapena mu mgwirizano womwe amasainirana ndi boma lomwe lawalandira. Ku Malawi khoti limayang'ana lamulo lotchedwa Immunities and Privileges Act, limodzi ndi gawo 211 la malamulo aakulu a dziko, lomwe limanena momwe mapangano a maiko amalowera m'malamulo athu.

Bambo aja nditawafotokozera izi anakhala chete, kenako anati, "Ndiye kuti iwo ndi oposa mfumu?"

Ndinawayankha kuti ayi, ali ngati mthenga wa pakati pa mafumu. Kale munthu wonyamula mawu kuchoka kwa Tengani kupita kwa Lundu sankagwidwa m'njira chifukwa cha mkangano wa m'mudzi umene wadutsamo, apo ayi mawu sakanafika. Koma akathyola chimanga cha mwini, amene anamutumawo ankayenera kukonza nkhaniyo.

Chitetezo chimenechi ine sindichinyoza. M'zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990, nkhondo ya ku Mozambique itakula, Malawi inasunga othawa kwawo opitirira 1 miliyoni, ndipo Nsanje ndi limodzi mwa maboma amene ananyamula katundu wolemera kwambiri mpaka mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992. Mu Disembala 2024 abale athu omwewo anawolokanso, ndipo ku Nyamithuthu kunamangidwanso misasa. Bungwe logwira ntchito m'malo otere, m'maiko ambiri nthawi imodzi, likanakhala loti wandale aliyense kapena wamalonda aliyense wokwiya angathe kulitumizira masherifu kukalanda lole ya ufa, chithandizo sichikanafika ku Makhanga. Boma lomwe silikufuna kuti za othawa nkhondo kapena za njala zimveke likanangogwiritsa ntchito makhoti ake kutseka pakamwa.

Koma pangano lomwelo la 1946 lili ndi gawo 29, lomwe ambiri saliwerenga. Limalamula bungwe kuti likonze njira zoyenera zothetsera mikangano yochokera m'makontirakiti ndi mikangano ina ya pakati pa ilo ndi anthu wamba. Gawo 20 limati mlembi wamkulu ali ndi udindo, osati ufulu chabe, wovula chitetezo cha wogwira ntchito ngati chikutsekereza chilungamo ndipo kuchivula sikuvulaza bungwe. Choncho maiko potseka chitseko cha khoti analonjeza kutsegula china. Pangano loteteza bungwe la mu nkhani yathu lilinso ndi ndime yofanana ndi gawo 29, ndipo mlandu wonse wa injini unatsamira pamenepo.

Momwe tinaugawira mlandu

Chinthu choyamba chinali kusiya kuyang'ana chizindikiro n'kufunsa mafunso wamba. Anakupezani pa doko ndani? Mtengo munakambirana ndi yani? Ndalama za mafuta zinkachokera kuti? Funso lachitatuli ndi lomwe linamasula mfundo. Mwana wa bambo aja anali asanafute mauthenga a pa foni, ndipo ndalama zonse za mafuta zinalowa pa Airtel Money kuchokera ku nambala ya akauntanti wa bungwe la konkuno. Pa waybill pomwepo, m'munsi, pa malo a wotumiza katundu, panali chidindo cha bungwe lomwelo. Chizindikiro chachikulu cha pamwamba chinkangosonyeza mwini katundu.

Apa zinaoneka kuti milandu ndi iwiri. Woyamba ndi ngongole ya maulendo omwe anayendedwa kale. Wamangawa ndi bungwe la konkuno, lolembetsedwa ku Malawi, lopanda chitetezo chilichonse. Kugwira ntchito m'malo mwa bungwe la maiko ambiri sikulipatsira chitetezocho, ngakhale anyamata ake atavala malaya a mtundu wanji. Wachiwiri ndi kuwonongeka kwa boti, komwe kunadza chifukwa cha lamulo la bwana wa nambala ya CD ali pa ntchito yake. Umenewo ndi womwe khoti silikanaulandira.

Wa ngongole sunativute. Tinalemba kalata yoitanitsa ndalama, n'kumatako tsamba lililonse la kope lija pambali pa waybill yake, ndipo tinanena poyera kuti tsiku lomwe tinaika likadutsa tikasuma. Mgwirizano wa pakamwa ndi mgwirizano ndithu ngati pali umboni, ndipo apa unalipo wokwanira. Za matumba onyowa tinayankha kuti palibe pomwe anamvana kuti mwini boti adzalipira katundu wowonongeka, kuti iye anachenjeza pamaso pa mboni, ndiponso kuti ulendo umodzi sungameze malipiro a maulendo ena onse. Tinapempha ofesi ya bwanamkubwa yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuti ikhale pakati. Pa mkumano womwewo a bungwe anavomera kulipira m'magawo awiri, ndipo mvula isanayambe ndalama zonse zinali zitalowa. Iwonso anali ndi vuto lawo lenileni, loti gawo lomaliza la ndalama zawo linali lisanatuluke ku likulu, koma limenelo silinali la mwini boti.

Pano ndichenjeze za nthawi. Bambo aja ankakonda kunena kuti mlandu suwola. Kubwalo la mfumu n'zoona. Kukhoti mlandu wa kontirakiti umatha mphamvu pakapita zaka 6, ndipo wa kuvulala kwa thupi pakapita zaka 3. Ndaona anthu akudikira "bwerani mawa" mpaka nthawi kuwathera.

Mlandu wa injini ndi womwe unatidyera nthawi. Njira zomwe mabungwe otere anakonza zilipodi, koma pafupifupi zonse zinakonzedwera anthu ena. Wogwira ntchito wa United Nations akachotsedwa molakwika ali ndi bwalo lakelake lomwe linayamba mu 2009, lokhala ndi maofesi ku New York, Geneva ndi Nairobi. Ogwira ntchito m'mabungwe ena ambiri amapita ku bwalo la ILO ku Geneva. Kampani yogulitsa katundu imasaina kontirakiti yokhala ndi ndime yoti mkangano ukapita kwa akhalapakati motsata malamulo a UNCITRAL, komishoni ya United Nations yoona za malamulo a malonda a pakati pa maiko. Wogundidwa ndi galimoto ya CD ali ndi mwayi woti galimotoyo imakhala ndi inshulansi, ndipo lamulo la pamsewu la dziko lino limalola kusumira kampani ya inshulansiyo mwachindunji. Anthu okhudzidwa ndi chitukuko cha ndalama za World Bank, monga ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira, ali ndi makomiti a madandaulo, ndipo pamwamba pake pali Inspection Panel yomwe inakhazikitsidwa mu 1993. Nanga mwini boti wopanda kontirakiti, wosalembedwa ntchito, wosagundidwa ndi galimoto? Bokosi la madandaulo ndi nambala ya ulere za pa msasa zinali za olandira chithandizo, za yemwe dzina lake lasowa m'kaundula kapena wapatsidwa thumba losadzaza. Kupita kwa akhalapakati a UNCITRAL kukanadya ndalama zogulira mainjini angapo tisanayambe n'kulankhula komwe.

Loya wathu anatiunikira momwe makhoti ena aonera vutoli, kuti kalata yathu ikhale ndi msana. Mu 1999, pa mlandu wa Waite ndi Kennedy, omwe ankagwira ntchito ku bungwe la European Space Agency ku Germany, khoti la maufulu a anthu la ku Ulaya linavomereza chitetezo cha bungwelo, koma mfundo yaikulu yomwe linayang'ana inali yoti kodi odandaulawo anali ndi njira ina yomveka yotetezera maufulu awo. Chigamulochi sichimanga makhoti a ku Malawi, koma chimayenda limodzi ndi gawo 41 la malamulo athu aakulu, lomwe limapatsa munthu aliyense ufulu wofika ku khoti ndi wolandira thandizo logwira mtima. Mu 2019 asodzi a ku Gujarat m'dziko la India anapambana ku Supreme Court ya ku America pa mfundo yoti nthambi ya World Bank yotchedwa IFC ilibe chitetezo chopanda malire pansi pa lamulo la dzikolo, ngakhale kuti pambuyo pake mlandu wawo unagwa pa chifukwa china.

Nkhani ya ku Haiti ndi yomwe imandiwawa, mwina chifukwa kolera kuno timamudziwa. Matendawa anabuka kumeneko mu Okutobala 2010 kuchokera ku msasa wa asilikali osungitsa mtendere a United Nations, n'kupha anthu pafupifupi 10,000. Mabanja atadandaula pansi pa gawo 29, anayankhidwa mu 2013 kuti madandaulo awo ndi osalandirika. Atasuma ku New York, khoti la apilo linagamula mu Ogasiti 2016 kuti chitetezo chikhalapobe ngakhale njira inayo sinaperekedwe. Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations panthawiyo, anapepesa mu Disembala chaka chomwecho. Nkhani imeneyi inatiphunzitsa kuti tisalonjeze bambo aja zoti khoti lidzathyola chitetezo chifukwa choti bungwe lanyalanyaza udindo wake. Ndinawauza mosabisa kuti mphamvu yathu ili m'kalata ndi mu umboni basi.

Umboni tinausonkhanitsa mosamala. Wapampando wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, amene analipo pa doko tsiku lija, analemba zomwe anamva m'Chisena, ife n'kumasulira m'Chingerezi, iye n'kusaina zonse ziwiri. Onyamula katundu awiri anachitanso chimodzimodzi. Waybill ya tsikulo inali ndi chiwerengero cha matumba chofufutidwa n'kulembedwa china chokulirapo, pambali pake pali saini yosiyana ndi ya masiku ena onse. Makaniko wa ku Nchalo analemba mtengo wa zipangizo za injini, mmisiri wa maboti analemba wa matabwa, misomali ndi phula.

Kalata inapita kwa mkulu wa bungwelo ku Lilongwe, kope lake ku unduna woona za ubale wa dziko lino ndi maiko ena, popeza ndiwo mlatho wa pakati pa mabungwe otere ndi nzika. Sitinawopseze za khoti. Tinafotokoza zomwe zinachitika, tinatchula ndime ya m'pangano lawo, n'kufunsa funso limodzi: njira yomwe munakonzera munthu ngati uyu ndi iti, ndipo ayambire pa khomo liti? Yankho loyamba linati nkhaniyi ndi ya bungwe la konkuno, chifukwa mgwirizano wa awiriwo umati zonse zogwa m'kati mwa ntchito ndi za wogawa chithandizo. Tinayankha kuti bambo aja sanasaine nawo mgwirizano umenewo, sanauonepo, ndipo amene analamula kuwonjezera matumba sanali wa bungwe la konkuno. Apa mpomwe nkhani inapita kwa maloya awo.

Zotsatira

Chaka chitatembenuka kunabwera kalata yoti bungwelo lipereka ndalama zokonzetsera injini ndi boti mwa kufuna kwake, popanda kuvomera kulakwa ndiponso popanda kuvula chitetezo chake. Inabwera ndi fomu ya Chingerezi yoti bambo aja asaine kuti sadzadandaulanso china chilichonse pa nkhaniyi. Ndinawawerengera mzere ndi mzere m'Chichewa, mwana wawo n'kumabwereza m'Chisena pomwe panali povuta. Ndinatsindika kuti akasaina ataya ndalama zonse zomwe boti likanapeza miyezi yomwe linakhala pamtunda, kuphatikizapo nyengo yokolola, pomwe anthu amawoloka kwambiri ndi mbatata ndi chimanga cha kudimba. Ndalama zimenezo tinaziitanitsa ndipo zinakanidwa popanda chifukwa cholembedwa. Panalibe kwina kokachita apilo.

"Mwanangu, injini ikadzuka zinazo ndidzazipeza pamadzi pomwepo," anatero, n'kudinda chala.

Kwa ine bambowa analandira gawo chabe la chilungamo chawo, ndipo analilandira ngati chifundo pomwe pangano limati ndi udindo. Palibe munthu woima pakati amene anamva mbali zonse ziwiri. Amene anagamula ndi maloya a mbali yodandauliridwa. Zinayenda chifukwa mwana wa sukulu ankalemba m'kope, wapampando analimba mtima kuchitira umboni bungwe lomwe mudzi wake umadalira, ndipo panapezeka loya wolemba makalata mwaulere. Eni ngolo, eni maboti ndi aganyu ambiri a m'chigwa chino alibe zitatuzi. Bungwe lomwe limatha kufikitsa thumba la ufa ku Makhanga msewu utaduka silingalephere kuika munthu mmodzi ku boma wolandira madandaulo a anthu omwe lawagwiritsa ntchito, ndi kuwapatsa yankho lolembedwa m'chinenero chomwe amamva.

Titatseka fayilo tinakonza pepala la tsamba limodzi, m'Chichewa ndi m'Chisena, loti mwini boti kapena ngolo azisainirana ndi womulemba ntchito asananyamule thumba loyamba. Lili ndi dzina lonse la bungwe lolipira ndi nambala yake ya ku NGORA ngati ndi NGO, mtengo wa ulendo, malire a katundu amene mwini chombo yekha ndiye anganene, ndi yemwe adzalipire zikawonongeka. Tinalipereka ku makomiti a ngozi a kwa Mbenje ndi kwa Mlolo, ndipo eni maboti angapo a pa Mtayamoyo ali nalo. Pa tebulo langa pali mafayilo ena awiri a mtundu womwewu, wa eni ngolo a ku Ngabu ndi wa mlonda wa pa nyumba yosungira katundu. Wa mlondayo tautumiza kale ku ofesi ya zantchito, chifukwa mapepala ake a malipiro akusonyeza kuti womulemba ntchito ndi kampani ya alonda, osati bungwe lomwe dzina lake lili pa geti.